Chofunda cha Timazenera

Ndinali pamzere kuchipatala, ndikugwiragwira mwana wanga pamphumi, pamene mayi wina wachikulire anayamba kufunsa mtsikana amene ankasoka pabenchi.

"Mwananga, timazenera ta pachofundapa mumasoka bwanji?"

"Mumapinda makona a nsalu yoyera kulowa pakati, amayi, kawiri. Pamene mapindo akumana mumaikapo kachigamba, n'kukapindira m'mphepete, n'kusoka pamanja."

"Koma tizigambati n'tatsopano! Mwang'amba zovala zabwinobwino? Ana amasiku ano!"

"Ndi timalaya ta malemu mwana wanga. Apongozi amati avale mwana wa alamu anga. Bwenzi ndikutiona tikuyenda pabwalo tsiku ndi tsiku."

"Ayi pepani, mwananga, pakamwa panga. Nanga mzere uwu, mazenera oyera okhaokha? Mwaiwala?"

"Sindinaiwale, amayi. Timalaya tatha. Sanakhalitse."