Manja a Che Amidu

Zaka zimene likulu la dziko linkasamuka ku Zomba kudza kuno ku Lilongwe, pamene City Centre inali fumbi lofiira ndi zitsa zokhazokha, ndipo mathirakitala ankalira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ine ndinali ndi zaka zoyandikira makumi atatu, dalaivala wa mzungu wina woyeza malo omangapo nyumba. Ikani kaye mafoni anuwo pansi, ana inu, poti mwandifunsa kumene ndinaphunzira kujambula kanema, ndipo yankho lake silimveka ndi khutu limodzi.

Sukulu yake sindinapiteko. Mzungu uja ntchito yake itatha, tsiku lolongedza anandiitana kunyumba kwake ku Area 10 n'kundipatsa katoni. Munali kamera yaing'ono yogwira ndi dzanja limodzi, makina oonetsera kanema pakhoma, ndi timabokosi tisanu ta filimu yosajambula. Anati, "Yosefe, izi zandilemera. Kabokosi kalikonse ndi mphindi zitatu basi. Ukajambula uziika mu envulopu iyi n'kutumiza kunja, akatsuka adzakubwezera." Kabuku ka malangizo kanalimo, koma kanali m'Chijeremani, ndipo mawa lake munthuyo anakwera ndege. Ndiye onkhetsani nokha: timabokosi tisanu, mphindi khumi ndi zisanu, imeneyo ndiyo inali sukulu yanga yonse. Inu lero mphindi ngati zimenezo mumajambula mphaka akuyasamula, n'kufufuta osaonera n'komwe.

Ndinapeza ntchito ina ya udalaivala, n'kumakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya bwana wanga watsopano ku Area 15. Kachipindako kanali kothina, koma munali magetsi, ndipo kwa ine zimenezo zinali zokwanira.

Kabokosi koyamba ndinakathera tsiku limodzi, Loweruka, mu Old Town. Ndinaima pafupi ndi msika ndipo ndinkafuna zonse zilowe: amayi a tomato, matayala a njinga, nsalu zoyanika, basi ikukhota, khwangwala padenga. Kamera ndinkaigwedeza uku ndi uku ngati ndikuthamangitsa ntchentche. Ndinatumiza, n'kudikira miyezi itatu. Mwamva? Miyezi itatu kuti uone cholakwa chako! Envulopu itabwera ndinatchinga zenera ndi bulangete masana a Lamulungu, ndinayatsa makina, ndipo zimene zinaoneka pakhoma zinandichititsa chizungulire mpaka ndinagwira bedi. Msika unkavina, anthu odulidwa mitu, thambo pansi, nthaka kumwamba. Ndinaseka, koma nditacheuka kuti ndione amene akuseka nane, munali ine ndekha ndi kulira kwa makinawo. Kachiwiri ndinajambula nditayang'anizana ndi dzuwa, ndipo anthu onse anatuluka akuda bii ngati zitsa zopsa. Amati safunsa anadya phula, koma ine ndikanafunsa yani? M'tauni monse sindinkadziwa munthu wina amene anagwirapo chinthu chotere.

Tsono chimene sindinachiganizire n'chakuti masiku amenewo sanali ngati ano. Unali nthawi ya chipani chimodzi, munthu ukafuna kulankhula unkayamba wacheuka, ndipo ngakhale mthunzi wako unkaukayikira. Munthu wakuda, dalaivala wamba, kuyenda ndi kamera pamsika, anthu anaona chinthu chimodzi chokha: kazitape. Palibe anandiuza pamaso. Ndinangoona kuti ndikafika pamene amuna akusewera bawo nkhani imatha, wina n'kuyamba kukamba za mvula. Mayi amene ankandisungira nthochi zakupsa anayamba kundipatsa osandiyang'ana. Kutchalitchi benchi yanga inkakhala ndi malo mbali zonse ziwiri, pamene ena akupanikizana kumbuyo.

Ndinali ndi chibwenzi, Estere, mtsikana wa ku Kawale wosoka madiresi, ndipo tinali titayamba kale kukamba za chinkhoswe. Tsiku lina amalume ake anandiitana, anandipatsa mpando bwinobwino, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Bambo, ife ndife anthu osauka, timafuna kugona tulo. Mkamwini woyenda ndi diso la boma sitingamuthe."

Ndinati, "Amalume, si za boma ayi, n'zanga. Ndikungophunzira."

Iwo anati, "Kuphunzira kuti mudzatani nazo?"

Nanenso, ana inu, sindinkadziwa. Estere anandiperekeza mpaka pamsewu, ndipo patatha chaka ndinamva kuti anakwatiwa ku Mchinji.

Choseketsa n'chakuti a boma enieniwo nawonso ankandikayikira. Tsiku lina ndikujambula madzi a mtsinje ndili pafupi ndi mlatho, bambo wina wa jekete anandigwira phewa n'kuti, "Wakulolani ndani?" Anandisunga mu ofesi ina kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kundifunsa funso lomwelo anthu atatu osiyana, ndipo pomaliza anandibwezera kamera n'kundichenjeza kuti ndisadzailozetsenso ku mlatho, ku nyumba ya boma, kapena kwa munthu wa yunifolomu. Kabokosi kachitatu, ka mtsinje kaja, ndinatumiza ndithu, koma sikanabwerenso. Uku ndine kazitape, uku ndine woukira, chikhalirecho ndinali munthu wofuna kuona madzi akuyenda pakhoma.

Kenako kamera inangoima, batani losadinika. Ndinapita nayo kwa Che Amidu, Myao wachikulire wokonza mawotchi, amene ankakhala ndi katebulo kake pakhonde la sitolo ina mu Old Town. Anali munthu wochepa thupi, wa kofia yoyera, wosathamanga pa chilichonse. Anzake apakhondepo atandiona anasuntha mipando, koma iye anangotambasula dzanja.

Anaitsegula, anaika kagalasi kake pa diso, anachotsa kamchenga ndi nsonga ya singano, kamera n'kuyambanso kulira. Ndiye anati, "Achimwene, tandionetsani mmene mumagwirira."

Ndinamuonetsa.

Anapukusa mutu. "Mukuigwira ngati nkhuku yofuna kuthawa. Zigongono zikhale pa nthiti. Mpweya muutulutse theka, wotsalawo muusunge. Ine ndikamaika kasipuling'i mu wotchi ndimatero. Ndipo musamasake zinthu zambiri. Sankhani chimodzi, mukhale nacho mpaka chichite chimene chimachita."

Ndinamufunsa kuti, "Che Amidu, inu simukundiopa?"

Anati, "Kazitape weniweni sayenda ndi chinthu choti aliyense achione. Inu ndinu munthu wosowa wocheza naye basi."

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ndinkakhala pambali pa tebulo lake ndi kamera yopanda filimu, pakuti timabokosi tinatsala tiwiri ndipo sindinkafuna kuwononganso. Ndinkajambula zabodza, kudina batani ndikuwerenga chamumtima mpaka khumi, kusiya, kusuntha phazi, kuyambanso. Iye ankandiuza nthawi imene kuwala kumalowa bwino pakhonde, poti maso ake anali atakuphunzira kwa zaka zambiri. Kunyumba ndinatenga filimu zoonongeka zija n'kumazidula ndi lumo, kulumikiza ndi selotepi, mpaka ndinazindikira kuti ukaika chithunzi cha mayi akucheuka, kenako cha basi, woonera amakhulupirira kuti mayiyo akuyang'ana basiyo, ngakhale unazijambula malo osiyana. Tsiku limenelo ndinadumpha m'chipinda ngati mwana, ndipo ndinadikira masiku anayi kuti Loweruka lifike ndikauze munthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndinadekha pafupifupi chaka chathunthu.

Nditaona kuti manja anga akhazikika, ndinamupempha kuti kabokosi kachinayi kakhale ka iye. Anavomera, koma anati, "Mujambule ntchito, nkhope ayi. Maenvulopu anuwa amatsegulidwa panjira, ndipo ine ndili ndi banja." Kunena zoona ine ndinakondwa, chifukwa ndinali nditangophunzira kujambula pafupi ndipo ndinkafuna kuonetsa luso. Tinalowa kuseri kwa sitolo, tinaika tebulo pamene dzuwa limagwa cham'mbali, ndipo ndinajambula manja okhaokha: akutsegula wotchi, akutola kasikuluwu, akupukuta chala chachikulu pa mkanjo.

Titatha anati, "Kotsalako mudzajambule ine ndi akazi anga titakhala pakhomo pathu. Kameneko musadzatumize msanga, mudzasunge mpaka zinthu zidzasinthe."

Ndinati, "Tidikire mvula ithe, kuwala kudzakhale kwabwino."

Mukundimva, ana inu? Ndinati tidikire kuwala. Chakudza sichiimba ng'oma. Mwezi wa Febuluwale bwana ananditenga ulendo wa kumpoto milungu iwiri, ndipo nditabwera ndinapeza pakhonde paja pali munthu wogulitsa maloko. Ndinafunsa, ndipo kanali koyamba m'miyezi yambiri kuti anthu apamenepo andiyankhe mondiyang'ana. Anati Che Amidu anadwala chibayo masiku anayi, anamwalira m'mawa, pofika masana anaikidwa monga mwa mwambo wawo. Palibe anadziwa kumene angandipeze, ndipo mwina palibe anayesa.

Envulopu ya filimu ya manja aja inabwera patatha mwezi. Ndinaiika pansi pa matiresi osaitsegula, chifukwa ndinkaopa kuonera ndekha. Ndinadikira mpaka mkazi wake, Abiti Saidi, atatha miyezi yake yokhala m'nyumba monga amachitira amasiye achisilamu, ndipo ndinapita kukagogoda. Kwawo kunalibe magetsi, choncho anabwera ku Area 15 ndi mchimwene wawo tsiku lina masana, atayenda pansi ulendo wonsewo. Anali alendo oyamba kulowa m'kachipinda kanga. Ndinawapatsa mpando umodzi umene ndinali nawo, mchimwene wawo anakhala pabedi, ine ndinatchinga zenera n'kuyatsa makina.

Chithunzi chinatuluka choyera, chosagwedezeka ngakhale pang'ono. Manja aja anadzaza khoma lonse, aakulu kuposa chitseko, akuyenda mwa pang'onopang'ono. Filimu zimenezo zinalibe mawu, ndiye munkamveka makina okha. Abiti Saidi anayang'anitsitsa khoma mpaka pamene chala chinapukutidwa pa mkanjo, ndipo anati, "Ndinkawaletsa zimenezo. Mafuta a wotchi sachoka pochapa." Kenako anadzuka, anasendera kukhoma mpaka mthunzi wawo unaphimba theka la chithunzi, n'kuwerama akuyang'ana cham'mwamba ngati munthu wosuzumira pansi pa denga.

Anati, "Bambo, kwezani pang'ono. Nkhope ili pamwambapa."

Ndinati, "Mayi, sizitheka. Zimene ndinajambula ndi zomwezi."

"Ngakhale pang'ono pokha?"

Filimu inatha, khoma linayera, kamchira ka filimuyo n'kumamenya makina kuti phaphapha. Mchimwene wawo anayang'ana pansi. Patapita kanthawi mayi aja anabwerera pampando, anakonza mpango wawo, n'kuti, "Bwerezani." Ndinabwereza kasanu. Potuluka anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kuti, "Ndi iwowo ndithu. Zikomo." Sanabwerenso, poti abale anawatenga kupita kwawo ku Mangochi.

Kabokosi kachisanu sindinakajambule. Kanakhala m'sutikesi zaka zambiri mpaka kanaonongeka ndi kutentha. Kanema ndinadzajambula ndithu pambuyo pake, zinthu zitasintha, maukwati ndi masewero a achinyamata, ndipo anthu ankati dzanja langa silinjenjemera, koma sankadziwa mwini wake wa dzanjalo.

Ndiye inu amene mukufuna kuphunzira, yambani ndi zazifupi, lakwitsani, onerani, bwerezani, pakuti luso limeneli limalowera m'manja, osati m'makutu. Koma musamaonere nokha zimene mwajambula. Itanani mnzanu ngakhale mmodzi, akusekeni, akuuzeni pamene mwaphonya. Ndipo munthu wachikulire akakuuzani kuti mundijambule ndili pakhomo panga, musayang'ane kumwamba kuti muone ngati kuli mitambo. Pitani tsiku lomwelo, mumufunse bwino ngati akulola, ndipo akavomera, kwezani kamera mpaka pankhope.