Wotchi Yomaliza ya a Pansipanyanja

Malemu, munthu amene sanagulitsidwepo wotchi yabodza moyo wawo wonse, anabadwa pa 9 Epulo 1951, ali achiwiri m'banja la ana anayi. Mawu oyambawo sindikuwanena chifukwa choti pamaliro aliyense amakhala wabwino ayi. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mlamu wawo, mlongo wa mayi amasiye akhala apowa. Ndinayamba ndi kutola mabotolo m'misewu, lero magalimoto anga onyamula katundu amadutsa malire a mayiko. Ndagona m'madoko ambiri, ndalowa m'masitolo a mawotchi momwe mlonda amayamba wakuyang'ana nsapato asanakutsegulire chitseko. Konseko sindinapezeko diso longa la bambo agona apawa. Ndikupempha kuti mumvetsere mpaka kumapeto, chifukwa m'mbiriyi muli nkhani yokhudza nyumba za ena mwa inu.

Anayamba sukulu mu 1958, ndipo masamu anali ngati madzi akumwa kwa iwo. Koma mu 1966 bambo awo, amene ankanyamula katundu padoko, anavulala msana, sukulu n'kuthera pomwepo. Chaka chotsatira anawapereka kwa mkulu wina wokonza mawotchi, m'kashopu kopanikizika pakati pa ometa tsitsi ndi ogulitsa zingwe za sitima. M'menemo ndimo anakumana ndi mawotchi a anthu olowa pansi pa nyanja, amuna aja owotcherera zitsulo kunsi kwa sitima. Kwa amene simunawaonepo, ndi mawotchi olemera, a galasi lochindikala, okhala ndi mphete pamwamba yomwe munthu amaitembenuza asanamire kuti azidziwa nthawi yomwe wakhala pansi. Mivi yake ndi manambala ake ankazipaka penti wowala mumdima. Malemu ankakonda kunena kuti wotchi ya pamtunda ikanama umangochedwa kuntchito, koma ya pansi pa madzi ikanama, mkazi wako amavala zakuda. Chodabwitsa n'chakuti iwo eni kusambira sankakudziwa n'komwe. Powoloka mlatho ankayenda pakati penipeni, maso kutsogolo. Anzawo powaseka anawatcha a Pansipanyanja, dzina n'kukakamira mpaka lero.

Mu 1976 anabwera kwathu kudzafunsira mlongo wanga. Ine ndinawalandira nditapinda malaya kuti aone wotchi yonyezimira yomwe ndinali nditangogula. Sanaikhudze. Anangoiponyera diso, n'kundiuza mwaulemu wonse kuti wandigulitsayo ndisamadzamupatsenso moni. Patatha sabata wotchi ija inayamba kusupuka ngati njoka. Ndinauza makolo kuti munthu wonena zoona kwa mlamu wake asanamupatse n'komwe mkazi, ameneyo ndi mwamuna. Anamanga ukwati woyera pa 4 Disembala chaka chomwecho, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana anayi.

Mu 1983 anatsegula malo awoawo m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yawo. Ambiri mumakadziwa: tebulo lalitali, nyale yopindika khosi, madilowa osalekeza, ndi zenera limodzi lomwe silinatsegulidwepo, chifukwa fumbi ndi mdani wa wotchi. Mipata ya chitseko anaitseka ndi nsanza. Pakona panali makina osokera a mlongo wanga, amene ankakhala nawo m'menemo tsiku lonse, wina akusoka, wina ataweramira tebulo ndi kagalasi m'diso. Mawotchi a anthu wamba ankawakonza kuti ana adye, koma mtima wawo unali pa akale aja a pansi pa nyanja. Ankawatsata kwa amisiri opuma ntchito, kwa amayi amasiye, ndi m'misika ya zitsulo zakutha. Nanenso ndikabwera ku maulendo ndinkawatengerako, ndipo ambiri mwa amenewo ankawaponya m'chitini cha abodza uku akuseka.

Kuzindikira kwawo kunali motere. Ankayamba aiyeza wotchiyo kulemera pachikhatho, kenako ankatembenuza mphete ija pafupi ndi khutu, n'kuwerenga timalembo ta kumbuyo kwake. Koma mlandu unkathera pa penti. Ankadzifunditsa jekete kumutu dzuwa likuswa mtengo, wotchi ili m'manja. Ikawala m'jeketemo ankadziwa kuti wina waipakanso posachedwa kuti apusitse anthu. Yeniyeni yakale siwalanso. Penti wake amasanduka mtundu wa tiyi wamkaka, ndipo amayamba kuyoyoka ngati ufa. Akapeza yoteroyo ankaitsegula, n'kuuzira ufawo ndi pakamwa, wotsalawo n'kumautola ndi kaburashi konyowetsa ndi lilime. Umu ndi momwe anawaphunzitsira mkulu uja wa kudoko, amene ankati penti akasiya kuwala ndiye kuti wafa.

Okongoletsetsa sankawagulitsa. Mnyamata wa pabanja pano akamakwatira, kapena wachibale akamaliza kumanga nyumba, malemu ankamuveka imodzi pamkono, n'kumuuza kuti asamachedwe kubwerera kwa mkazi wake. Anapereka motero mawotchi khumi ndi anayi. Ine ndinalandira yanga tsiku lomwe ndinagula galimoto langa loyamba.

Mu Okutobala 2021 ndinabwera ndi mlendo wochokera kutsidya kwa nyanja, wogula mawotchi akale, amene ndinamuuza kuti akaone katswiri weniweni. Munthuyo anatulutsa m'chikwama kachipangizo konga lamya ya m'manja. Anati kumeneko akafuna kutsimikiza wotchi yakale amagwiritsa ntchito kameneko, chifukwa penti wakale uja anali ndi chinthu choopsa chotchedwa rediyamu, ndipo kachipangizoko kakachimva kamalira. Atakayandikitsa ku chitini cha abodza, kanangoti zii. Atatsegula dilowa yoyamba ya enieni, kanayamba kuthetheka ngati mafuta pamoto. Dilowa yachiwiri chimodzimodzi, yachitatu chimodzimodzi. Pa mawotchi onse amene alamu anga anati ndi enieni, panalibe ndi imodzi yomwe imene inakhala chete. Ine ndinaomba m'manja, n'kunena kuti mwaona, ndinanena ine. Koma nditatembenuka ndinaona mlendo uja sakuseka. Anayendetsa kachipangizo kaja pamwamba pa tebulo popanda wotchi iliyonse, ndipo kanalira. Anakaika pa kaburashi kaja, kanalira mopitirira. Anakatengera pakona, pa nsalu zomwe zinali pa makina a mlongo wanga, kanaliranso. Anatulutsa kampango n'kutseka mphuno, natipempha kuti tonse tituluke. Tili panja anatiuza kuti penti uja kuwala kokha ndi kumene kumatha, koma ululu wake umakhalapobe ngakhale adzukulu a adzukulu athu atakalamba.

Abale anga, ine ndagwidwapo ndi namondwe pakati pa nyanja, ndalozedwapo mfuti pamalire, koma mantha a tsiku limenelo sindinawaonepo. Ndinavula wotchi yanga mpaka kudula lamba, mkono n'kuutsuka ndi sopo mpaka kutuluka magazi. Malemu anakhala pansi pakhonde akuyang'ana manja awo, kenako anayang'ana akazi awo, n'kukumbukira mokweza kuti mkulu uja wa kudoko anamwalira akutsokomola.

Iwonso n'kuti atayamba kale kutsokomola. Mu Febuluwale 2022 madokotala anapeza khansa m'mapapo mwawo, munthu amene sanasutepo fodya. Ndiyenera kunena zoona: madokotala sanatsimikize kuti matendawo anachokera ku penti. Anati n'kutheka, basi. Mlongo wanga anamupima ndipo mpaka pano sanamupeze ndi kanthu, koma anamuuza kuti azibwererako. Iye akangokhosomola pang'ono, nyumba yonse imasiya kudya. Madokotalawo ananenanso kuti wotchi yotsekeka bwino, ya galasi lamphumphu, siyoopsa kwenikweni; choopsa ndi ufa uja ukatuluka. Malemu anamva mawuwo, koma mtima sunakhale pansi. Anati magalasi amenewo ndi akale, adzasweka, ndipo ikadzafa wotchiyo mwini wake adzapita nayo kwa mnyamata wa pamsika amene adzaitsegula n'kuuzira monga ankachitira iwo. Anati anaveka imfa pamkono pa ana a eni akuyesa ndi madalitso, ndipo imeneyo ndi ngongole yomwe sangapite nayo kumanda.

Ndiye anayamba kuyenda khomo ndi khomo, chitini chotsekeka m'manja, mpweya ukuperewera. Ena mwa inu munawalandira bwino, munavula nthawi yomweyo. Ena munawaseka kuti matenda awalowa m'mutu. Ena munanong'onezana kuti a Pansipanyanja amva mitengo ya mawotchiwa kunja, n'chifukwa chake akulanda mphatso. Mawu amenewo anawafika, ndipo anawapweteka kuposa jakisoni aliyense. Sanakwiye. Ankangofotokozanso kuyambira pachiyambi, kutsokomola, kupuma, n'kuyambiranso. Wina anali atasamukira kutali, ndinawatengera ine pagalimoto. Wina anali ataigulitsa, tinaitsata mpaka kwa woigulayo. Pofika kumapeto kwa chaka chimenecho, khumi ndi atatu anali atabwerera.

Yotsalayo inali kwa ang'ono awo, obadwa nawo bere limodzi. Izi ndikuzinena ndi chilolezo cha banja, osati kuti ndichititse munthu manyazi. Ang'ono awowo anauzidwa ndi wina kuti wotchi yawoyo ingagule nyumba, ndipo ine wodziwa misika sindingatsutse. Anati mphatso sibwezedwa, ndipo poopa akuba anaisokerera m'pilo wa pabedi pawo. Chomwe chinkawasowetsa mtendere malemu n'chakuti iwo ankadziwa kuti galasi la wotchi imeneyo linang'aluka kalekale, ndipo pabedi pamenepo ndi pomwe adzukulu a nyumbayo amadumphadumpha agogo awo akachoka. Anapitako kangapo osaphula kanthu. Ulendo womaliza ndinawanyamula ine, mu Juni chaka chino. Masitepe a pakhomopo sanathe kuwakwera. Anakhala m'galimoto chitseko chili chotsegula, chitini pamiyendo, akumva ana akusewera m'nyumbamo. Eni nyumba sanatuluke.

Anawagoneka m'chipatala pa 29 Julayi. Masiku awo omaliza sanafunse za nyumba, kapena za maliro awo. Aliyense wolowa m'chipindamo ankamuyang'ana m'manja, kuona ngati wanyamula kanthu. Anatisiya Lolemba pa 14 Ogasiti 2023, masana, akazi awo atawagwira dzanja.

Tsopano pempho la banja. Kachipinda kaja n'kokhoma ndipo makiyi ali ndi ine. Pogawa katundu wa malemu, m'menemo simudzatuluka kanthu: kaya mpando, kaya nyale, kaya makina osokera aja. Amayi amene mukuthandiza kusesa pakhomo pano, chonde tsache lisafike pa chitseko chimenecho, ndipo ana musawalole kusuzumira pazenera. Akatswiri a boma oona za zinthu zoopsa adzabwera kudzatenga zonse. Ndipo inu anyamata okonza mawotchi amene mwabwera kudzaperekeza mphunzitsi wanu, mukaona wotchi yakale ya penti wonga tiyi wamkaka, musaitsegule. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Malemu asiya akazi awo, ana anayi, amuna awiri ndi akazi awiri, adzukulu asanu ndi anayi, alongo awo awiri, ndi ang'ono awo. Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino amene sanatope nafe, abusa ndi amayi a mpingo amene agona pano, anansi amene atipatsa mipando ndi madzi, ndi amisiri okalamba a pansi pa nyanja amene ndikuwaona kumbuyoko, ena ndi ndodo, amene abwera chifukwa wotchi zokonzedwa ndi bambowa sizinawanamizepo ali pansi. Tikuthokozanso mlendo uja, amene akanatha kugula mawotchiwo n'kukhala chete.

Ndime yotsirizayi ndailemba ndi cholembera m'mawa uno, chifukwa pomwe mbiriyi inkatayipidwa zimenezi zinali zisanachitike. Titatsegula bokosi kuti abale aone nkhope, ang'ono awo a malemu anayang'ana nthawi yaitali. Anali asanawaone achimwene awo chiyambire kuwonda. Anatuluka, ndipo tinayesa athawa maliro. Patapita kanthawi anabwerera wapansi, thukuta lili kamukamu, atanyamula pilo yense wosatumbula m'thumba lapulasitiki, atamugwirira kutali ndi thupi. Anagwada pamaso pa mlongo wanga, ndipo chomwe anatha kufunsa n'chakuti adzukulu awo akawapimitse kuti. Mawa m'mawa galimoto langa lidzaima pakhomo pawo, ndipo anawo ndikawaperekeza ndekha. Zomwe akatiuze kumeneko sitikuzidziwa.

Alamu, a Pansipanyanja, munafuna kuti musapite ndi ngongole. Thumba lija ndalikhomera ndi anzake. Munapereka khumi ndi anayi, abwerera khumi ndi anayi. Gonani mumtendere.