Chithunzi Chimene Chinandidikira

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikupatsani moni nonse amene mukuwerenga mawu ano, kaya muli ndi mphamvu kaya mwagona pamphasa. Dzina langa ndine Lameki, kwathu ndi kwa Malemia kuno ku Domasi. Ndikufuna ndikuuzeni za dzanja langa lamanja limene linafa ine ndili moyo, ndi mmene Mulungu anandibwezera ntchito yanga osandibwezera dzanjalo.

Ntchito yanga inali yojambula. Matipate atangobwera, mavidiyo shoo anachuluka m'misika, ndipo pa Songani panali ya Che Jafali, bambo wachisilamu wofatsa amene anali ndi sikirini, deki ndi mabenchi angapo kuseri kwa golosale yawo. Ine ndinali wa mabolodi oitanira anthu. Filimu yatsopano ikabwera tinkaiika m'mawa anthu asanayambe kulowa, ndipo ikafika pamene mwini filimu waonetsa nkhope bwinobwino, Che Jafali ankadina batani loimitsa tepi. Vuto linali lakuti deki imeneyo sinkalola kuima kupitirira mphindi zisanu. Zikakwana inkadzimasula yokha, filimu n'kupitirira. Choncho ndinali ndi mphindi zisanu zokha zoti ndibe nkhope ya munthu ndi choko, chithunzicho chikunjenjemera pasikirini, kenako ndizikamalizitsa ndi penti kunyumba.

Matepi ake anali okopedwa kambirimbiri, mitundu itafwifwa ngati malaya a kumunda. Woibweza mitunduyo ndinali ine. Thambo ndinkalifiiritsa, malaya ndinkawapaka chikasu choboola m'maso, thukuta la pamphumi ndinkaliwalitsa mpaka munthu wotsika minibasi kutsidya kwa msewu ankayamba waona bolodi langa asanaone katundu wake. Sindibisa, ndinali wodzimva. Ndinkati ku Zomba konse kulibe dzanja lothamanga ngati langa, ndipo popemphera ndinkathokoza chifukwa cha mvula ndi ana, koma za dzanjalo ndinkaona ngati ndinadzipatsa ndekha.

Si onse ankakondwa nayo ntchito yangayi. Kumpingo kwathu kunali mayi Malunga, mkulu wa mpingo, amenenso ankagwira ntchito yaulembi pa ofesi ina yokonza zipangizo zophunzitsira kufupi ndi Domasi. Tsiku lina anaimirira pamsonkhano n'kunena kuti mabolodi a pa Songani akukoka ana kuwachotsa m'kalasi, ndipo wojambula wake ali momwemo, amadya nawo mgonero. Dzina langa sanalitchule, koma makosi onse anatembenukira kwa ine. Kuyambira tsiku limenelo ndinkati ndikawaona akubwera, ndinkapeza chochita ndi tcheni cha njinga yanga mpaka adutse.

Ngozi inandipeza m'nyengo yozizira. Ndinamangirira bolodi lalikulu pakaliyala kuti ndikalisiye pa Songani, ndipo ndili pamtsetse mphepo yochokera kuphiri inaliwomba bolodilo n'kunditembenuza pamodzi ndi njinga. Ndinagwera dzanja lamanja pamwala wa m'ngalande. Kuchipatala anandisamala bwino, fupa linalumikizana, koma atachotsa chikhakha zala zinali zitapindikira mkati. Adokotala anandiuza mosabisa kuti mtsempha unaduka, ndisayembekezere zambiri. Burashi ndinkaiika pakati pa zala, iyo n'kugwa pansi.

Che Jafali anandilezera mtima, Mulungu awadalitse. Anati ndiyese ndi lamanzere. Tinaika filimu, anaimitsa tepi, ndinayamba. Ndisanamalize ngakhale diso limodzi deki inadzimasula. Anabweza, anaimitsanso, inadzimasulanso. Tinachita zimenezi mpaka pamalo pamenepo tepi inayamba kuonetsa mizere chifukwa choimitsidwaimitsidwa, ndipo inali yobwereka kwa anzawo a ku Liwonde. Bolodi lomwe ndinakakamira kumaliza linakhala panja theka la tsiku lokha. Ndinamva ndi makutu anga kondakitala wina akufunsa mnzake ngati wojambulidwayo anali msilikali kapena mbuzi yodwala. Ndinalichotsa ndekha. Kuchokera pamenepo Che Jafali ankangolemba dzina la filimu ndi choko, ndipo ine ndinasiya kudutsa pa Songani.

Miyezi imene inatsatira sindiikumbuka ndi chimwemwe. Khasu silinkagwirika ndi dzanja limodzi. Mkazi wanga, mayi a Chisomo, ndi amene anasenza banja, kulima kudimba m'mbali mwa mtsinje ndi kukagulitsa masamba kumsika. Zitini zanga za penti anazitsuka n'kufesamo tomato, ndipo ine ndinkakhala pakhonde kuyang'ana mbande zikukula m'zitini zolembedwa mitundu imene sindikanaigwiranso. Ndinakhala munthu waukali. Mwana akagwetsa kapu ndinkakalipa ngati wagwetsa nyumba. Kutchalitchi ndinasiya kupita, chifukwa ndinkaganiza kuti ena akaona dzanja langa aziti Mulungu wayankha mayi Malunga.

Kupemphera kokha sindinasiye, ngakhale pemphero lake linali limodzi lomwelo. M'mawa uliwonse ndinkaika dzanjalo pabondo n'kunena kuti, Ambuye, wongolani zala izi. Ndikatsegula maso ndinkayesa kuzitambasula, osatheka. Ndinamuuza Mulungu njira imodzi yokha yondithandizira, ndipo poti sanadzere njira imeneyo ndinkati sakundimva. Ndinafika potaya mtima.

Loweruka lina masana ndinaona mayi Malunga akulowa pabwalo pathu, atanyamula kajumbo. Njinga yoti ndikonze tcheni panalibe, choncho ndinangokhala. Amuna awo anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo ine, chifukwa cha mkwiyo wanga, pamaliropo ndinangofika kumanda n'kubwerera. Atalonjerana ndi mayi a Chisomo anatulutsa tepi ya vidiyo m'kajumbomo. Anafotokoza kuti zithunzi zonse za amuna awo zinali mu alubamu imene chiswe chinadya m'sutikesi. Nkhope yawo inatsala pamalo amodzi okha, m'tepi ya ukwati wa mwana wa mchemwali wawo, pamene amaoneka kanthawi kochepa ali chakumphepete. Ku ofesi kwawo kunali kompyuta yolumikizidwa ku deki, yokhoza kugwira chithunzi cha m'tepi. Anali atachigwira, koma chinatuluka chotuwa, chamdima, moti mdzukulu wawo sanawazindikire agogo ake.

Ndinakweza dzanja langa lopindikalo kuti alione bwino. Ndinati, "Mayi, mwachedwa. Mmisiri uja anatha."

Iwo anati, "Bambo a Chisomo, sindinabwerere dzanja lanu ayi. Mabatani ndimawadziwa ine. Chimene ndilibe ndi maso anu. Mabolodi aja ndinkadana nawo, koma sindinanenepo kuti munkajambula zonama."

Ndinavomera chifukwa cha manyazi, osati chikhulupiriro. Abwana awo anali atalola kuti tigwiritse ntchito makinawo Loweruka m'mawa, ndipo sabata yotsatira ndinapita. Kompyuta ndinali ndisanaikhalirepo pafupi. Mayi Malunga anadinadina, ndipo pagalasi panabwera nkhope ya malemu bambo Malunga, yotuwa ngati yaphimbidwa ndi utsi. Thupi langa linachita zimene linazolowera. Maso anayamba kuthamangira pamphumi, pamphuno, pachibwano, kuti ndibe zonse nthawi isanathe. Pakhoma panali wotchi ndipo ndinkangoiyang'ana. Mphindi zisanu zinakwana. Chithunzi chinali pomwepo. Zinakwana khumi, osanjenjemera n'komwe.

Ndinafunsa kuti, "Kodi sichithawa?"

Anati, "Chithawire kuti? Chikhala pompo mpaka inu mutatopa. Ngakhale mupite kunyumba, sabata yamawa mudzachipeza."

Abale anga, misozi inatsika ndili pamaso pa munthu amene ndinkamuthawa. Miyezi yonse ija ndinkalirira dzanja lothamanga, chifukwa moyo wanga wonse ndinkadziwa chithunzi chothawa. Sindinaganizepo kuti kungakhale chithunzi chodikira munthu wochedwa.

Anandiika m'dzanja lamanzere kanthu kooneka ngati sopo kamene amati mausi. Poyamba kamuvi ka pagalasi kankangoyenda ngati kaledzera. Ndinalakwitsa n'kupaka mzere wakuda pakamwa pa malemuwo, ndipo ndinaganiza kuti ndawononga nkhope yokhayo imene inatsala. Mayi Malunga anadina mabatani awiri, mzere uja n'kuchoka. Pabolodi ukalakwitsa unkadikira penti aume kuti upakenso. Apa cholakwa chinkangobwezedwa, osasiya chipsera. Ndinaseka ndekha, ndipo ndinawauza kuti makinawa akudziwa za chikhululukiro kuposa akhristu ena, kuyambira ine.

Anandionetsa pokokera kuti kuwala kuchuluke, pokokera kuti mitundu ilimbe, ndi podulira chithunzi kuti patsale nkhope yokha. Nditangoona kuti mitundu ikundimvera, Lameki wakale anadzuka. Ndinakoka mpaka kumapeto. Khungu linafiira, jekete linawala, kumbuyo ndinaikako thambo lamoto monga ndinkachitira pa Songani. Mayi Malunga anayang'ana, kenako anaseka mpaka kugwira tebulo. Anati, "Bambo a Chisomo, amuna anga anali aphunzitsi a masamu, sanali a karate." Anandiuza pambuyo pake kuti chimwalirire amuna awo anali asanasekepo choncho.

Tinabweza, n'kuyamba mofatsa. Iwo ankandiuza kuti jeketelo linali lakhofi, tayi inali yobiriwira, ndipo tsitsi linali ndi imvi chakumanzere kokha. Ine ndinkadziwa pamene kuwala kumagwera pa tsaya la munthu, ndi pamene mthunzi uyenera kutsala kuti nkhope isaphwatalale. Zinatitengera Maloweruka atatu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine amene ndinkanyadira liwiro ndinaphunzira mwambiwu ndili ndi zaka makumi anayi. Pepala litatuluka m'makina osindikizira, mayi Malunga analigwira ndi manja awiri. Kenako anati, "Ndi iwowa."

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo. Koma tikutseka mawindo anandiuza kuti sabata yamawa ndibwere ndi tepi ya Che Jafali. Ndinawayang'ana kuti mwina akundiyesa. Anati maganizo awo pa za ana othawa sukulu sanasinthe, ndipo akalankhula ndi Che Jafali kuti asamalowetse ana a yunifolomu, koma luso limene Mulungu anaika mwa munthu si loti liziolera pakhonde. Anapitadi kukalankhula nawo, ndipo Che Jafali anavomera mosavuta, ati nawonso anali atatopa kukangana ndi makolo.

Umu ndi mmene ndinayambira ntchito imene ndikugwira mpaka lero. Ndimagwira nkhope ya mwini filimu pamene waima bwino, ndimaidula kuti itsale yokha, ndimachotsa kufwifwa konse kwa tepi, ndipo pano palibe wondiletsa kukoka mitundu mpaka kumapeto. Ndikasindikiza, chithunzi chachikulu chimodzi chimakamatidwa pabolodi la pa Songani. Zina ndimazichepetsa kuti zikwane zambiri papepala limodzi, mayi a Chisomo n'kuzidula ndi sizasi ndi kuzikuta ndi selotepi kuti mvula isazilowe. Okonda mafilimu amazimata pamadigadi a njinga, pawailesi, pagalasi la ometa tsitsi. Kondakitala uja wa mbuzi yodwala ali nazo zitatu pachitseko cha minibasi, ndipo sindinamukumbutse kanthu. Abwana a ofesi ija ataona ntchito yanga anandipempha kuti ndiziwakonzera zithunzi za m'mabuku ophunzitsira masiku awiri pasabata, ndipo inki ndi mapepala a ntchito zangazanga ndimagula ndekha.

Kutchalitchi ndinabwerera. Lamulungu loyamba ndinabisa dzanja m'thumba la jekete, koma pa nyimbo yachiwiri ndinalitulutsa. Palibe amene ankaliyang'ana. Ndinapita kwa mayi Malunga kukapepesa chifukwa cha maliro aja ndi zaka zonse za tcheni cha njinga, ndipo iwo anati ankadziwa kuti tchenicho sichinkavuta.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero langa n'kuliyankha molambalala pamene ine ndinkaloza. Ndikuthokoza mkazi wanga amene anapirira ukali wanga osandibwezera, Che Jafali amene analola tepi yobwereka iwonongeke pofuna kundipatsa mpata, ndi mayi Malunga amene anayenda wapansi kudzagogoda pakhomo la munthu wowazemba.

Inu amene mukupempha chinthu chimodzi m'mawa uliwonse osachiona, musaleke kupemphera, komanso musamutsekere Mulungu makomo ena onse. Mwina thandizo lanu lili m'kajumbo ka munthu amene mumamuthawa panjira. Zala zanga zakumanja sizinawongoke, ndipo mwina sizidzawongoka mpaka tsiku lomaliza. Umboni uno ndaulemba ndi dzanja lamanzere, masiku anayi, zilembo zopendekera, ndipo pepalali landidikira mpaka ndamaliza. Ambuye akusungeni nonse.