Banjo ya ba Matthias Mwachilenga

Amene tikuwaika lero ndi ba Matthias Mwachilenga, amene ambiri munkangowatcha ba Shibanjo. Anabadwa m'chaka cha 1941 kuno kwa Mpanshya. Ine amene ndikuwerenga ndine Eugene, mwana wa mlongo wawo.

Sukulu anaphunzira ku mishoni mpaka Sitandade 3. Iwo eni ankati anaisiya chifukwa aphunzitsi ankadana ndi ana oimba mluzu m'kalasi. Ali mnyamata anakhoma banjo yawo yoyamba ndi chitini cha mafuta, chikopa cha mbuzi ndi waya wa mabuleki a njinga ya atate awo. Kukwapulidwa anakwapulidwa, koma waya sanabweze.

Mu 1966 anakwatira ba Emeliana, ndipo Mulungu anawapatsa ana asanu. Anagwirako ntchito yothira phula pamsewu waukuluwu, kenaka anabwerera kumunda. Chimanga chawo sichinatchukepo, tisanamizane pamaliro. Chimene chinatchuka ndi nyimbo zawo zachisoni, zoimba pang'onopang'ono: za njala, za amuna opita ku Lusaka osabwerako, za ng'ombe zofa ndi matenda. Munthu unkabwera kudzaseka, n'kubwerera ukupukuta maso.

Kutchalitchi poyamba anawakaniza banjo, ati ndi ya kumowa. Iwo sanakangane ndi munthu. Ankangokhala pansi pa mtengo panja n'kumaimba, akwaya n'kumatola maimbidwewo mwakachetechete. Nyimbo imene mwaimba potulutsa bokosi m'nyumba ija, mawu ndi a kwaya, koma kaimbidwe ndi ka malemuwa. Kuyambira ku Chinyunyu mpaka ku boma, maliro ambiri amaperekezedwa ndi mawu a munthu ameneyu.

Mu 2022 anadwala sitiroko, dzanja lamanja n'kufa. Chimene chinkawawawa si dzanjalo ayi, koma kuti nyimbo zawo zidzalowa nawo m'manda, pakuti ana aamuna onse anathawira ku kiyibodi. Apa mwana wawo wamkazi, ba Thokozile, anayamba kukhala pambali pawo pakhonde. Atate ankakanikiza mawaya ndi dzanja lamanzere, mwana n'kumakhwatcha ndi lamanja. Banjo imodzi, anthu awiri. Ena ankaseka kuti mkazi ndi banjo n'zosayenderana, koma pofika chaka chino ba Thokozile anali ataigwira okha ndi manja onse awiri.

Amalume anamwalira Lachiwiri m'chipatala cha mishoni, ali ndi zaka 83.

Tsono pali nkhani imene ndiyenera kuitha pano, bokosi lisanatsike. Mwa mwambo wathu, chida cha amalume chimapita kwa mwana wa mlongo wawo, ndiye kuti ine. Akuluakulu anandiuza kale dzulo kuti banjo ndi yanga. Ndalemekeza mwambo, ndailandira. Koma ine zala zanga n'za sipanala, ndipo kwanga ikangokhala pamsomali mpaka chikopa kuuma. Nditawaona komaliza m'chipatala anandigwira ndi dzanja lamoyo lija nati, "Mwana wa mlongo wanga, usaipachike." Popeza ndi yanga, ndili ndi mphamvu yoipereka. Ba Thokozile, bwerani mutenge, anthu onsewa ndi mboni.

Malemu asiya mkazi wawo ba Emeliana, ana asanu, adzukulu khumi ndi atatu, ndi mlongo mmodzi, amene ndi amayi anga. Asiyanso banjo, koma siinatsale yamasiye.

Amalume, sindinaipachike. Mupumule mu mtendere.