Chaka Chomwe Ndinadya Anyezi wa Pachitseko

Olemekezeka a Shehe Abdel-Mawgoud, olemekezeka Abuna Tawfilus a kutchalitchi, mayi Wadida amene mwakonza chisangalalochi, a dokotala Mervat amene mukundiyang'ana ndi diso lofiira, amayi ndi abambo, mtendere ukhale nanu.

Ndathokoza pondikhazika kutsogolo ine Shehata wogulitsa nsomba, amene sukulu ndinalekeza kalasi yachinayi. Aphunzitsi amati chisangalalo chathu chonunkhiza mphepochi, Sham el-Nessim, chinayamba m'nthawi ya Afarao pokondwerera zokolola, ndipo ndi mwayi wathu kuti tapuma kuyambira Lachisanu mpaka Lolemba lino. Chabwino. Koma satiuza chifukwa chake timathawa m'nyumba m'mamawa, n'kusiya anyezi akulendewera pachitseko. Makolo ankati tsiku la lero, mphepo yatsopano ikawomba, mu Nailo mumavuuka winawake wodzanunkhiza makomo, ndipo amene wamupeza m'nyumba yopanda anyezi saonanso tirigu akucha.

Chaka chomwe ndinakwatira, malemu mkazi wanga Nabawiya anandigwedeza: "Dzukani alesi inu, anzanu afika kale kuminda!"

Ine: "Tsogola, mphepoyo ndiinunkhiza pawindo."

Atachoka, njala. Ndinavundukula fesikhi, nsomba yathu yovundira mumchere ija, koma anyezi wodyera palibe. Ndinathothola wa pachitseko n'kudyera.

Dzuwa lili paliwombo, mudzi uli zii, ngakhale galu. Ndinamva mapazi onyowa, tchapu, tchapu. Pakhomo la a Girgis, oyandikana nafe, mwini mapaziwo ananunkhiza n'kupitirira. Khomo lachiwiri, chimodzimodzi. Pa langa anaima. Chitseko chinatseguka chokha. Munthu wamtali, mkanjo ukudontha matope, nkhope ngati woumba analekeza panjira. Anawerama mpaka mphuno yake yozizira inakhudza yanga.

Abale anga, ndi mantha, ndinageya.

Anadzandira mpaka pakhomo, n'kunena mwaulemu ndithu: "Pepani bambo. Ndidzabwera chaka chomwe m'kamwa mwanu mudzakhale moyera."

Zaka makumi asanu ndi ziwiri sindinaphonye kudya anyezi wamuwisi tsiku la lero. Koma mwezi watha a dokotala awa anandiletsa mchere ndi anyezi wamuwisi, ndipo m'mawa uno mwana wanga wanditsukitsa m'kamwa kawiri. Mukuseka? Ine pokwera pansanja pano ndaponda matope, pomwe mvula sinagwe.

Choncho ndifulumire. Ndi ulemu wonse, ndikulengeza kuti chisangalalo cha chaka chino chatsegulidwa. A Shehe ndi Abuna, pempherani nonse awiri nthawi imodzi. A dokotala, yang'anani kumbali. Mayi Wadida, ndiponyereni anyezi.

Zikomo kwambiri.