Ameni wa Mayi wa Mvano

Ndinausa mvula pamsika wa ku Bolton, ku Mangalande, pomwe amagulitsa zimbale zakale za nyimbo. Mayi wina wa duku ankayimba chapansipansi kanyimbo kopanda mawu, bambo wachikulire pambali pake n'kutembenuka.

"Mayi, ndinu akumudzi eti? Nyimbo imeneyo mwaitenga kuti?"

"Kwa agogo achizungu amene ndimawasamalira, bambo. Chimwalirire akazi awo akukana kudya, amangoiyimba chonchi. Ndimati ndiwagulire chimbale chake, mwina mtima ungatsike, koma sindikudziwa kuti ndi ya mpingo uti."

"Mpingo? Chimbale chake ndi ichi, onani mkulu wa tayi ali pachikutoyu. Nyimbo zonsezi anapeka munthu mmodzi, uyu amangoziyimba ndi mawu ake ozunawo. Bambo anga ankachiliza ku Limbe. Zonse n'zofunsira mbeta!"

"Mayo ine! Ine mayi wa Mvano, miyezi itatu ndakhala ndikutsinzina, akamaliza ndimati Ameni!"

"Eniakewo amati chiyani?"

"Amaseka mpaka misozi. Akaseka choncho m'pamene amalandirako masupuni awiri atatu."

"Ndiye gulani, koma musakaulule kuti mwadziwa. Nyimbo zilimo khumi ndi ziwiri. Ameni aliyense masupuni atatu, mbale ikatha imeneyo."