Kalata Imene Ndinasintha Mawu a Bambo

Zaka zija dziko lino litangolandira ufulu, ife tikukhala m'dera la Zengeza 4, sukulu zinatseguka ponseponse, ndipo ngakhale ife ana a anthu ochokera ku Malawi tinayamba kulota zazikulu. Iwe Tendai, ika foniyo pansi, nkhaniyi ndi yako, poti ndiwe ukulira kuti ukapanda kulowa yunivesite moyo watha.

Ine ndinakhoza Folomu 4, ndipo mtima wanga unali pa choko basi. Koleji ya aphunzitsi inandiitana. Masiku amenewo yunivesite inali imodzi yokha m'dziko muno, osati lero zili mbwee, ndipo kuti ukalowe unkayamba wadutsa Folomu 6, kenako zaka za mabuku akuya mpaka digiri. Koma koleji inkakuphunzitsa ntchito yeniyeniyo, lero uli pa desiki, mawa waima pamaso pa ana.

Bambo anga, amene ankagwira ntchito ku fakitale ya nsalu, sanafune kumva. Kwa iwo koleji inali ya otsalira. "Ubwerere kusukulu, ukalowe yunivesite," anatero, "kumudzi akadziwe kuti sitinabwere kuno kudzangotha nsapato." Ndinalira, adzukulu anga, chifukwa ndikanapanda kukaonekera mwezi wotsatira, malo anga akanapatsidwa wina.

Tsono bambowo sankadziwa kulemba, ndipo makalata onse opita kumudzi ndinkalemba ndine. Loweruka masana anandikhazika pakhonde. "Lembera akulu anga ku Ntcheu. Unene kuti Esinati akupita ku yunivesite." Ine cholembera chili m'manja, ndinalemba kuti, "Esinati waitanidwa ku koleji ya aphunzitsi, koma ine ndikukana." Musaseke! Bambo anamata okha sitampa, akumwetulira.

Yankho litabwera ndinawawerengera bambo. "Achimwene, mwatani kodi? Kuno mudzi wonse wavina, poti chiyambire banja lathu silinabalepo mphunzitsi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mlekeni mwanayo apite."

Bambo anandilanda kalatayo, ulendo kudera la Unit L kwa a Phiri, mkulu wa mpingo wathu, kuti akawawerengerenso. Pobwera anaima pakhomo.

"Iwe, ine ndinanena chiyani, ndipo iwe unalemba chiyani?"

Ndinagwada, ndikudikira mbama. Koma ndinangomva chiseko, chiseko mpaka misozi, moti mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda nafunsa m'Chishona kuti, "Ko, chii chaitika?"

"Palibe, amayi," bambo anayankha. "Mwana wandichongera mawu ngati ndili m'kalasi mwake. Ameneyu ndi mphunzitsi kale!"

Tsiku lopita anasenza okha bokosi langa lachitsulo mpaka pokwerera basi, ndipo aliyense wokumana naye ankamuuza kuti, "Tikuperekeza aphunzitsi." Sindinakondwepo ngati tsiku limenelo.

Tsono Tendai, yunivesite ndi yabwino ngati ukufuna kukumba nzeru mozama, ndipo azakhali ako anapitadi n'kubwera ndi digiri. Koma ngati manja ako akuyabwa ntchito ya magetsi imene umaikondayo, koleji si manyazi. Usasankhe dzina loti anthu akaombere m'manja, sankha kumene ukaphunzire ntchito yako. Ndipo ukauze bambo ako pamaso, mwanawe, chifukwa iwo amadziwa kuwerenga.